Miyendo Kapena Mawu

Lachiwiri, 13 Meyi

Foni ya Kirrily, 10 koloko itangodutsa. Ndinali kutsuka kapu. "Azakhali, adadi atisiya." Amupeza m'munda wa kumpoto, thirakitala itaima, injini ikulirabe. Mtima. Tirigu atafesa theka la munda.

Lyle, mlongo wanga. Zaka 71. Wamkulu ndine, wodwala ndine, koma watsogola ndi iye.

Ndinayankha. Kirrily: "Mwati bwanji, azakhali?" Kawiri konse. Ndinadula n'kulemba meseji.

Dzanja silinanjenjemere m'pang'ono pomwe. Kamakina kagwira ntchito yake. Ndakwiya nako.

Lachitatu, 14 Meyi

Ndilembe momwe zinakhalira, ndisadzadzinamize.

Mawaya awiri mu ubongo, batire pansi pa khungu pachifuwa. Zimenezo n'zakale, zaka zisanu ndi chimodzi. Mu Seputembala ku Adelaide anandiikira dongosolo latsopano: kamakina kamamvetsera ubongo, kamawonjezera kapena kuchepetsa magetsi kokha. Matenda anga onjenjemeretsa thupi, Parkinson, akamadzuka amapeza iko kadzuka kale. Sabata imeneyo ndinayenda mpaka ku positi ofesi popanda ndodo. Ndinalira pamzere wa masitampa.

Koma lilime linalemera. Mawu ngati a munthu wolumira mbatata yotentha.

Lyle ankaimba Lamlungu lililonse 5 koloko. Zaka makumi atatu. Makutu ake anatha ndi mathirakitala. Mu Novembala anati, "Iwe Noeline, wayamba liti kumwa dzuwa lili pamutu? Undisungireko." Anaseka mpaka kutsokomola. Ine ayi. Lamlungu lotsatira ndinangoiyang'ana foni ikulira. Kenako meseji: Ndili bwino. Iye wodana ndi kulemba, zala ngati zikhomo, anayankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu.

Sanasiye kuimba. Lamlungu lapitali inalira kasanu ndi kawiri. Ndinali ndi buku m'manja.

Lachisanu, 16 Meyi

Kirrily wabwera ndi supu wa maungu. Maso ofiira, ntchito m'manja, ngati bambo ake. Maliro Lachiwiri, mu holo ya kalabu ya mpira ku Cummins. Tchalitchi chingachepe.

"Adadi ankanena kuti, ndikafa adzalankhule Noeline, mabuku onse wawerengawo agwireko ntchito. Koma mukaona kuti n'zovuta, abusa angathe kukuwerengerani."

Zaka 34 mu laibulale ya sukulu, ndikuwerengera mokweza ana a eni. Lero abusa andiwerengere za Lyle, amene anaphunzira kusambira atagwira tsitsi langa?

Masana ndalankhula pa vidiyo ndi Thuy, nesi wa ku chipatala. "Dongosolo lakale sitinafufute, Mayi Trezise. Lili pa nambala 2 pa rimoti yanu. Ndinakusonyezani." Anandisonyezadi. Rimoti yakhala m'kabati chibwererereni ku Adelaide, pansi pa matawulo. Ndinkaopa kuti ndikaidina miyendo ichoka osabwereranso.

Akuti mawu adzamasuka, miyendo idzauma. Ndidine patatsala ola, ndisakhale ndekha, ndisagwire chiwongolero. Ndikadinanso 1 miyendo ibwerera. "Ibwereradi?" ndinafunsa. Anati chonde ndibwereze.

Lamlungu, 18 Meyi

Anansi a Lyle abwera ndi mathirakitala asanu ndi awiri, amaliza munda pofika masana. Kirrily wanditumizira chithunzi. Fumbi lokhalokha.

Masamba awiri ndalemba. Ndayesa kuwawerenga pa nambala 1, ndikudzijambula pa foni. Pomvetsera ndazindikirapo "Lyle" ndi "nkhosa". Zinazo phala.

Rimoti ili patebulo. Ndaitchaja. Sindinadine.

Anthu mazana awiri adzandiona nditauma ngati chitsa. Ena ndi ana amene ndinkawauza kuti akhale chete.

Lachiwiri, 20 Meyi

Ndadina m'galimoto ya Kirrily titangotuluka mu Port Lincoln. Poyamba palibe. Pofika pa nkhokwe za tirigu dzanja lamanja linayamba kuvina pabondo, mnzanga wakale. Ndinati, mawu omveka bwinobwino, "Mvula ikubwera." Kirrily anatembenuka, galimoto inatsala pang'ono kulowa m'ngalande.

Pakhomo la holo mapazi anamatirira. Makomo ndiwo ankandigwira kale. Kumbuyo mzere wa anthu, onse akudziyesa owerenga chikwangwani cha zigoli. Kirrily anaika phazi lake patsogolo pa langa: "Lumphani ili, azakhali. Linanso." Tinafika kutsogolo motero, kulumpha nsapato yake yakuda. Sindinawerenge kuti kangati.

Bokosi, chipewa cha Lyle pamwamba. Kuima sindikanatha. Anandibweretsera mpando, natsitsa maiki.

Pepala linkagwedezeka, ndinaliika pansi. Ndinanena za damu lomwe anaphunziriramo kusambira. Za chaka cha chilala pomwe anawombera nkhosa zake yekha, osalola Kirrily kutuluka m'nyumba. Za momwe ankandifunsira mathero a buku lililonse kuti asavutike kuliwerenga. Anthu anaseka pamalo oseka. Ndiye kuti anamva.

Pa tiyi ndi masikono, Merv Habel, mnzake wa Lyle kuyambira ku pulaimale, anawerama pa mpando wanga. "Mawu muli nawo chonchi, aphunzitsi? Mkulu uja ankati a ku Adelaide anakudulani lilime." Anapukuta kirimu pandevu. "Ndinkamuuza, siya kuimba, ukumuvutitsa. Iye amvekere, ndiziimbabe, tsiku lina adzalakwitsa n'kuyankha."



Lachinayi, 22 Meyi

Nditadinanso 1, miyendo inabwerera tisanafike kunyumba. Mphindi makumi anayi. Dzulo ndinayenda mpaka kunyanja.

Mphindi makumi anayi basi.

Lamlungu, 25 Meyi

Chimene chandigwira sabata yonse ndi mpando uja. Ndinalankhula nditakhala pansi. Foni nayo munthu amayankha atakhala pansi. Sifuna miyendo.

Batani limodzi 4 koloko, linanso 6 koloko. Thuy anandisonyeza. Ndinkadziwa. Si kamakina kanandiletsa. Ndinapsa mtima ndi nthabwala ya munthu wogontha, mantha ndinangowapeza pafupi n'kubisalamo. Ndawerenga pa kalendala: Malamlungu 26.

Thuy akuti mu Julayi ayesa kusintha zina, mwina zonse ziwiri zingathekeko pamodzi. Ndipita.

Lero ndadina 2, Kirrily ali m'khitchini. Ndamuwerengera nyuzi, za mtengo wa ubweya, kuti ndingodzimva.

Miyendo ndili nayo, mawu ndili nawo, mosinthanasinthana. Mlongo ndilibe.