Bedi la Sipika M'chipinda cha Ntchito

Okondedwa Achemwali,

Kalata iyi ikupezeni muli ndi mphamvu, inu ndi alamu ndi ana onse. Nanga mwendo wa amayi uja unasiya kutupa? Tsiku lija pa foni munati zonse zili bwino, koma munanena mothamanga. Musaiwale kuti ine ndimadyera kumvetsera mawu a anthu, ndiye musamandinamize. Kuno ndili bwino, chimfine chokha ndicho chinandigwira sabata yatha, koma chapita.

Ntchito ikuyenda pang'onopang'ono. Chisiyireni ntchito kwa abwana aja n'kuyamba kudzigwirira ndekha, anthu amabwera kunyumba konkuno kudzajambulitsa nyimbo zawo, ena mauthenga otsatsa malonda. Mwezi uno kunabwera kagulu ka amayi oimba. Mmodzi mwa iwo amaimba chosemphana ndi anzake kuyambira poyamba mpaka pomaliza, koma ndiye amene amalipira, ndiye ndinangomuuza kuti mawu ake ndi amphamvu. Akachoka anthuwa, ndimatsala ndi mawu awo m'mahedifoni tsiku lonse, kuchotsa pamene wina watsokomola, kukweza pamene wina wameza mawu. Nyumba imadzaza ndi mawu a anthu, koma wondifunsa ngati ndadya palibe. Nthawi zina ndimatsegula zenera kuti ndingomva ana a eni nyumba akukangana panja.

Nkhani imene yandilembetsa kalatayi ndi ya msonkho. Paja amati walira mvula walira matope. Ndili pa ntchito ya abwana, msonkho unkadulidwa malipiro asanafike m'manja mwanga, ine osadziwa kanthu. Tsopano ndiyenera kukanena ndekha zimene ndapeza m'chaka chonse. Mnzanga wina woimba gitala ananditengera kwa mayi amene amathandiza anthu kulemba za msonkho. Ofesi yawo ili pamwamba pa sitolo ya matayala, moti ukatulukamo malaya amanunkha raba.

Mayiwo anandifotokozera kuti zinthu zimene ndagula chifukwa cha ntchito zimachotsedwa pa ndalama zimene ndapeza, msonkho n'kuwerengedwa pa zotsalazo. Anatchula maikolofoni, mahedifoni, mawaya, siponji yomata pakhoma, ngakhale ndalama ya basi ndikapita kukajambula mawu kwina. Ndinasangalala, n'kukhuthula jumbo ya malisiti patebulo pawo. Ambiri anali oyera mbee, zolemba zonse zitafufutika. Ndinkawasunga pamwamba pa makina okuzira mawu, ndipo makinawo amatentha. Mayiwo anaseka mpaka kuvula magalasi, n'kunena kuti anthu a nyimbo tonse matenda athu ndi amodzi.

Kenako anati palinso china chachikulu. Gawo la lendi ndi la magetsi la chipinda chimene ndimagwiriramo ntchito lingathe kuchotsedwanso, bola chipindacho chikhale cha ntchito yokha. Anandipempha chithunzi chake, ndipo ndinawaonetsa pa foni. Anayang'ana, n'kuloza pakona, n'kufunsa kuti pabedipo pamagona ndani. Ndinayankha kuti palibe. Iwo anati ndiye nkhani njosavuta, ndingolichotsa.

Achemwali, bedi limenelo mukulidziwa. Ndinaligula chaka chimene anamwalira mayi ake a mwana wanga Sipika, pamene ndinatenga nyumba ya zipinda ziwiri ino. Tinagwirizana kuti mwanayo akhale nanu mpaka atamaliza teremu, kenako abwere kwa ine. Mukukumbukira kuti dzinalo ndinam'patsa ndine, chifukwa ali wakhanda akalira ankamveka mpaka kumsewu. Matiresi ake akadali m'pulasitiki momwe ndinagulira. Tchuthi chilichonse pamakhala chifukwa, mwina mayeso, mwina matenda a amayi, mwina makalata oyendera sanatuluke. Sindikukuimbani mlandu ayi. Mwamulera ngati wobala nokha, ndipo zimenezo sindingathe kukubwezerani.

Loweruka m'mawa ndinatenga sipanala n'kumasula bedilo. Matabwa ndinawaika m'khonde, matiresi nawonso ndinawakokera komweko. Nditabwerera m'chipinda muja ndinawomba m'manja kamodzi, monga timachitira anthu a ntchito ino pofuna kumva ngati chipinda chikubweza mawu. Chinandiyankha. Ndinatsokomola, nacho chinatsokomola. Zimenezi sizinachitikepo chilowereni m'nyumba ino. Ndipamene ndinazindikira kuti zaka zonsezi matiresi aja ndi amene ankameza mawu obwerera, ndipo nyimbo zanga anthu ankaziyamikira kuti zimamveka bwino chifukwa cha bedi la mwana wanga. Ndinakhala pansi, pamalo pomwe panali bedilo. Ndisakubisireni, ndinalira, ndipo ndinadzimva ndekha ndikulira chifukwa chipindacho sichinabise kanthu.

Lolemba ndinabwerera kwa mayi a msonkho aja n'kuwauza za mawu obwererawo. Iwo anakondwa kwambiri. Anati ngati zili choncho, ndigulitse matabwawo, matiresi ndiwaimike chotsamira khoma, basi asanduka chida cha ntchito ngati siponji ija, ndipo chipindacho chiwerengedwa kuti ndi cha ntchito yokha. Ananena ndi mtima wabwino, sakudziwa za Sipika. Anali atagwira kale cholembera, koma ine ndinawapempha kuti adikire kaye. Anandikumbutsa kuti mapepala ayenera kupita mwezi uno usanathe.

Tsono pempho langa ndi limodzi lokha. Mukhale naye pansi Sipika, muli awiriwiri, alamu kulibe, amayi kulibe, mumufunse ngati akufuna kubwera kwa bambo ake. Musam'kakamize, musam'chititse manyazi, ndiponso musamuyankhire. Ine pa foni ndalephera. Amangoti eya kapena ayi, kenako n'kupatsira foni mbale wake. Ulendo watha atanena moni, ine ndinayankha ngati ndikulankhula ndi mwana wanu wamkulu. Anachita kundiuza kuti ndi iyeyo. Munthu amene ndimatha kumva waya mmodzi wa gitala akalakwika pakati pa gulu lonse, mawu a mwana wanga sindinawazindikire. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Akanena kuti abwera, ngakhale kwa tchuthi chokha, bedi ndilimanganso tsiku lomwelo, chipindacho ndichilemba kuti ndi chogona, msonkho ndilipira wonse ndi mtima woyera. Zimene ndimakutumizirani zidzachepako kwa miyezi ingapo, ndipo ndikupepeseranitu. Koma akanena kuti ayi, kwawo ndi kwanuko, mundiuze momwe wanenera, osathira shuga. Sindimukwiyira. Mwana amazolowera pamene akudzuka m'mawa uliwonse, ndipo ine ndi amene ndinachoka. Chimene chanditopetsa ndi kupukuta fumbi pa pulasitiki uja Loweruka lililonse, osadziwa ngati ndikupukutira munthu.

Chonde nkhani ya msonkhoyi musamuuze. Angaganize kuti bambo ake amuika pa sikelo ndi ndalama, pomwe msonkhowo wangondifunsa funso limene ndinkaopa kufunsa ndekha.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mankhwala a mwendo asamasiyire panjira akangomva kupepuka. Kwa alamu, ndikuthokoza chifukwa cha fizi ija anandiyambira kulipira nditachedwa. Moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa ana anu onse, ndi kwa mayi a pafupi aja amene ankatibwereka wailesi tili ana. Sipika mumupatse moni payekha, osam'phatikiza ndi anzake.

Panopa matiresi akadali chiimire m'khonde. Sindinawalowetse m'chipinda, sindinawatulutse panja, ndimangodutsa chammbali m'mawa uliwonse. Oimba akafunsa ndimawauza kuti ndikuyembekezera mlendo. Ndikudikira yankho lanu mwezi usanathe, kuti ndidziwe chowauza mayi a msonkho aja.

Tsalani bwino, Achemwali.

Ndine mlongo wanu,
Bambo a Sipika