Nkhalamba ya ku Nkwazi

Chamboli, Kitwe

Okondedwa achimwene a Lighton,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi mwendo wa amayi uja unaleka kutupa? Ife kuno tilipo. A Boaz akugwirabe ntchito kugalaja, Purity wayamba Giredi 9. Ndinafuna kukuimbirani foni koma mawu akukana kutuluka, n'chifukwa chake ndalemba. Muwerenge muli nokha.

Paja ndinakuuzani kuti ndinalowa kabungwe kosunga mbiri ya midzi yathu, ka ife a ku Katete okhala kuno kumigodi. Timatolera zithunzi zakale ndi nyimbo, komanso timajambula mawu a okalamba amene anabwera kuno kalekale, kuti ana obadwira m'tauni adziwe kwawo.

Loweruka lapitali tinakwera minibasi kupita ku Ndola. Atcheyamani athu, a Morton, anamva kuti ku Nkwazi kuli nkhalamba ina yochokera kwathu. Tinawapeza atakhala pakhonde, maso sakuona, mkono wamanja wothera pachigongono. Amawasamala mwana wawo Bupe, mayi wocheperako pang'ono kwa ine. Bambowo anayamba kulankhula Chibemba, koma a Morton atawapatsa moni m'Chinyanja, lilime linamasuka.

Wogwira foni yojambulira ndinali ine. Atafunsidwa mudzi wawo, anati kwa Kalumphira. Ndinamwetulira, poganiza kuti ndapeza munthu wa m'mudzi mwathu. Atafunsidwa dzina lawo lonse, anati Absalom Sakala.

Achimwene, atate ali moyo.

Ife tinakula tikudziwa kuti anafera pansi mumgodi mu 1981 ndipo thupi silinapezeke. Inu ndi amene munkandiuza za maliro opanda bokosi aja, amene anachitika ine ndili kumsana. Koma iwo anafotokoza okha, anthu onse akumva, kuti makina anawadula mkono, ntchito n'kutha. Anachita manyazi kubwerera kumudzi ali wopunduka ndiponso chimanjamanja, choncho anatuma mnzawo kuti akanene kuti afa. Kenako anasamukira ku Ndola n'kukwatira mayi wa Chibemba, amene anamwalira kale.

Ndinkadziuza kuti mwina mayina angofanana. Koma anatchula amayi, a Priscah. Anatchula inu, ndi chipsera chanu cha pachipumi pomwe ng'ombe inakugundani. Ine sananditchule dzina. Anangoti panalinso kakhanda kakakazi.

Atatero anatembenuzira nkhope kwa ife n'kufunsa kuti, "Mwa inu a ku Katete, palibe amene akudziwa ngati mnyamata wanga Lighton ali moyo?"

A Morton anandiyang'ana, pakuti amadziwa kuti ndine wa kwa Sakala. Ndinawapatsa foniyo, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba, komwe ndinasanza.

Bupe ananditsatira ndi madzi m'kapu. Anandiyang'anitsitsa, n'kundifunsa m'Chibemba ngati kakhanda kaja ndine. Ndinavomera ndi mutu. Pambuyo pake anandiuza kuti iyenso samadziwa kuti atate ake anasiya banja kumudzi, ndiponso kuti kuchipatala anena kuti mtima wawo wafooka kwambiri. Analonjeza kuti sawauza kanthu kufikira ine nditanena.

Sindikudziwa ngati ndakwiya kapena ndikumva chisoni. Ndimangoganiza mmene amayi analimira okha zaka zonsezi, n'kukana amuna onse obwera kudzawafunsira. Kuwauza amayi kapena kusawauza, zimenezo ndasiyira inu wamkulu. Ine sindingathe.

Koma nthawi ndi yochepa. Mawu aja amayenera kuulutsidwa pamsonkhano wa bungwe mwezi wamawa, pomwe a kwathu ambiri adzakhalepo, ndipo nkhani ingafike kwa amayi kudzera m'kamwa mwa anthu. Ndawapempha a Morton kuti adikire yankho lanu, avomera.

Chonde bwerani, achimwene, ngakhale mutabwera ndi mkwiyo wanu wonse. Ndidzakuchingamirani pasiteshoni ya basi, tidzapite limodzi. Funso lawo lija sindinaliyankhe. Anafunsa za inu, ndipo woyenera kuyankha ndinu.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana ndi kwa azakhali. Amayi muwauze kuti ndili bwino, pakadali pano zomwezo basi. Mulungu akupatseni mphamvu ndi nzeru.

Ndine mlongo wanu,
Salome