Musazule chigubu changa

Bambo a mwana,

Pepani simundipeza, ndathamangira kwa achemwali anu. Foni yawo yagwera m'ndowa akuchapa, ndipo yaferatu. Andiimbira pa foni ya aneba akulira mosatonthozeka, ati zithunzi zonse za malemu amayi zapita.

Zapita kuti? Zonse zili m'kompyuta yakale ili pansi pa tebulo ija, imene inu mumaitcha chigubu. Mukukumbukira mmene munkandisekera ndikuikamo pulogalamu yaulere yosunga zithunzi, yolembedwa ndi anthu ongodzipereka? Munkati zaulere sizilimba, bola kusungitsa ku makampani akuluakulu. Achemwali anu ankasungitsa komweko, koma malo awo anadzaza kalekale, sizinkalowanso. Mwayi wake, atabwera kudzacheza ndinalumikiza foni yawo ndi chigubu changachi n'kukopera zithunzi zonse, iwo akunyinyirika kuti ndikuwathera batire.

Tsono chonde, musachizule pa soketi mukafuna kusita malaya, chifukwa zithunzizo ndikazikoka pa intaneti ndili kwa achemwali anuwo. Kasitireni kukhitchini. Fani ya kuchipinda ndaiika pafupi ndi chigubu dala, chimatentha msanga. Inuyo mupirire, ndinu aakulu. Mwana ali kwa aneba, mukamutenge asanawamalizire shuga.

Mukamaliza, tsegulani foda yolembedwa kuti "Amayi". Muli kavidiyo kamene simunakaonepo. Amayi akhala pakhonde, akuseka mpaka kutsokomola, akuti mwana wawo anachita mwayi kupeza mkazi wa mutu. Si ine ndanena, mudzimvere nokha.

Kampango kopukutira misozi ndakusiyirani pampando.

Ndine wanu,
Mwini chigubu