Tsiku Limene Ndinagwada ku France

Highfields, Leicester
14 Seputembala

Okondedwa amalume a Maclean,

Pepani kuti ndikukuvutitsani ndi kalata nyengo yososa ino. Pa foni mawu amandithawa. Kaya muli bwanji kumeneko, inu ndi azakhali? Mwendo uja unasiya kutupa? Ine m'thupi ndili bwino.

Zithunzi za ku France zimene amuna anga a Jeremy anatumiza munaziona. Amayi anafunsa chifukwa chake ine sindikuonekamo, ndinawayankha kuti ndine ndinkajambula. Ndi zoona, koma si zonse.

Tinapita ndi anzawo asanu a kuntchito ku Loughborough. Ndinasangalala, amalume. Zaka ziwiri ndili kuno anali asanandionetsepo kwa mnzawo aliyense. Ndinasita madiresi atatu.

Malo ndi okongola, sindinama. Ku Dinan nyumba ndi zamiyala, misewu yopapatiza ngati njira ya kudimba. Pa msika anatilawitsa tchizi chonunkha, ndinameza osakwinya nkhope kuti ndisawachititse manyazi. Pogona anandiika m'chipinda cha a Mapalo, mayi wa ku Zambia amene amagwira nawo ntchito. A Jeremy anati pagulu amatero. Ndinakhulupirira.

Tsiku lachitatu, m'kamudzi kena ka asodzi, anatipatsa nkhono zakuda zodya ndi manja, ndi timbale ta madzi a ndimu. Ine ndinanyamula kambale, ndinagwada kuti a Jeremy asambe m'manja, monga anandilangizira azimayi pa ukwati wathu. Onse pa tebulo anandicheukira. Mzungu wina anafunsa kuti mtsikanayu ndi ndani kwenikweni. A Jeremy anaseka, nayankha m'Chingerezi kuti ndine msuweni wawo wa kumudzi, ndimawathandiza ntchito za pakhomo.

Ine ndinalekera sitandade 7, koma mabasi ndi sitolo ya a Parveen pakona pathu zandiphunzitsa kumva. Ndinamva zonse ndili chigwadire, madzi ali m'manja.

Kuchipinda a Mapalo anandifunsa m'Chinyanja chawo ngati msuweni wangayo anasiya mkazi ku Malawi, poti wawalonjeza a Mapalowo zambiri. Ndinangoti sindikudziwa.

Titabwerera ndinawafunsa a Jeremy. Anati, "Chiletso, ukanakhala pampando ngati anthu ena, bwenzi zonsezi palibe."

Amalume, ndinu nkhoswe yanga. Ndikupempha mukakumane ndi a Absalom, nkhoswe ya kuchimuna, mukawafunse kuti ine ndine ndani m'nyumba muno. Kwathu ndinaonapo msuweni akusanduka mkazi, koma mkazi kusanduka msuweni sindinamvepo. Ngati sakundifuna, andibwezere kwa inu poyera, monga ananditengera poyera.

Amayi musawauze kaye, mtima wawo mukuudziwa. Mundiperekere moni kwa azakhali ndi onse a kutchalitchi. Mulungu akusungeni.

Chonde ndiyankheni msanga. Loweruka la mawa a Mapalo akubwera kudzacheza, ndipo sindikudziwa kuti ndiwatsekulire chitseko ngati ndani.

Ndine mwana wanu,
Chiletso