Kumene Madzi a M'tanki Anatsikira

Vila Cabral,
21 Otubulu 1957

Okondedwa achimwene Hilário,

Poyamba ndifunse za moyo wanu kumeneko ku Beira. Kodi chifuwa chija chinakusiyani? Nanga ntchito ya padoko ikuyenda bwanji ndi dzuwa la kumeneko? Ife kuno tadzuka. Amayi ku Chimbonila ali bwino, bondo lokha ndilo likuwavuta. Mkazi wanga Florinda ndi ana ali moyo. Alamu anga a Brígida ndi ana anu onse atatu nawonso ndi amphamvu, musadere nkhawa za matupi awo.

Kalatayi ndaiyamba katatu, katatu konse ndang'amba. Ndikakhala pansi miyendo ikufuna kuyenda, ndikaimirira sindikudziwa kolowera. Pepala ili ndi lomaliza, ndiye ndingonena zonse monga zinachitikira.

Mukuidziwa nyumba imene ndakhala ndikulima maluwa zaka zinayi izi, ya mzungu womanga milatho uja, pamtunda pa Namacula. Kuseri kwake kuli tanki la simenti losambiramo, eni ake amati pisina. Miyezi yozizira palibe amene amaviikamo ngakhale chala. Madzi amangokhala, masamba a paini kugweramo, achule kuswana. Kutentha kukamayamba mumapeza ndere zaphimba pamwamba ngati bulangete, zina zakakamira m'makoma, fungo lake ngati la padambo.

Lolemba, masabata awiri apitawa, dona anandiitana pakhonde. Anati Loweruka kubwera alendo kudzatsegulira nyengo yosambira, ndipo akufuna kuti akaponya singano m'tankimo aziiona pansi. Patarawu, mzungu mwini nyumba uja, anawonjeza kuti madziwo ndisataye, poti mwezi uno chitsime chawo chaphwa.

Ndinayamba tsiku lomwelo. Ndinamanga sefa kunsonga kwa nsungwi n'kumawola ndere, ndowa ndi ndowa, mpaka msana kuuma. Kenako ndinalowa m'madzi ofika m'chifuwa ndi burashi ya waya kukwecha makoma. Pansi pake poterera ngati therere. Ndinagwa kawiri, kachiwiriko ndinamwa madzi amenewo. Mukakwecha mbali ino, pofika mbali inayo madzi onse asanduka phala lobiriwira.

Ndiye patarawu anandipatsa thumba la mankhwala, timiyala tonga mchere koma tamtundu wa thambo, amati sulufatu. Anati ndithire chitini chimodzi chokha cha mkaka, ndere zifa. Ndinathira. Lachitatu madzi anali chibiriwirebe. Dona anafika m'mphepete mwa tanki atatseka mphuno, nati ngati ntchito yandikanika ndinene, amuna ofuna ntchito adzaza pachipata. Inu mukudziwa chimene chimamuonekera munthu amene kaderineta yake, kabuku ka ntchito kaja, ilibe siginecha ya mzungu. Chibalo, ntchito yokakamiza ya kumsewu ija, sichifunsa kuti uli ndi ana angati.

Lachinayi m'mawa ndinakhuthulira thumba lonse m'madzimo. Ndinawonjezanso ufa woyera wotsamwitsa uja umene amatsukira zimbudzi. Palibe anandituma, achimwene, anali mantha anga. Pofika masana achule onse anali chagada, ndere zatuwa, koma madzi anachita ngati mwasungunuliramo sopo. Patarawu pobwera kuntchito anatukwana, nati nditsegule mpopi wa pansi madzi onse atuluke, ena abweretsa m'migolo pa lole ya kuntchito kwake.

Apa ndi pamene pali mlandu wanga. Paipi ya tankilo imadutsa pansi pa mpanda n'kukathira m'ngalande, ndipo ngalandeyo ndi yomwe ija imatsikira kudimba kwanu. Ndinkadziwa. Ndinagwira mpopi uja ndikudziwa. Kuthamanga kukawauza alamu kuti atseke mlomo wa ngalande sikukanatenga nthawi yoposa kusuta ndudu imodzi. Koma dona anali chiimire pakhonde akundiyang'ana, ndipo ndinadziuza kuti dothi louma limwa madziwo asanafike kumunsi. Ndinatsegula.

Lachisanu ndinakwecha makoma ouma mpaka zala kung'ambika. Loweruka tanki linali mbee, alendo anasambira, anaseka, anaponyerana mpira. Patarawu anandisisita paphewa pamaso pa anzake n'kundipatsa malaya ake akale. Ndinawalandira ndi manja awiri.

Lamulungu titatuluka ku misa ndinatsikira kwanu. Ndinawapeza alamu atakhala pamzere m'dimba, manja ali kumutu. Kabichi yense wapsa ngati wathiridwa madzi owira, nyemba zalefuka, kachewere wagona. M'kachitsime kothirira muja tinsomba tinali titayandama. Mbuzi zanu ziwiri zinali zitafa pafupi ndi ngalande, imodzi ndi ya bere ija. Mwayi wake ana amamwa madzi a kukasupe wa kumtunda, apo ayi bwenzi ndikulemba kalata ina.

Anthu anasonkhana. Wina anakumbutsa kuti mwezi wa Agosito alamu anakangana ndi che Assane, a dimba loyandikana nalo, pa nkhani yopatutsa madzi, ndipo che Assane ananena mokwiya kuti tidzaona amene adzakolole. Onse anacheukira dimba lawo, n'kuona lili lobiriwira bwinobwino. Palibe anaganiza kuti chiyambire mkanganowo iwo amathirira kuchokera kumfuleni wina. Alamu analira nati akadandaula kuboma. Lolemba asipayi awiri, apolisi a boma aja, anabwera kudzawatenga che Assane.

Ine ndinalipo, achimwene. Tsiku la Mulungu lija ndine ndinagwira miyendo ya mbuzi poikoka kukaikwirira. Dzina la che Assane likutchulidwa ndinamva, ndipo sindinatsegule pakamwa. Wina atandifunsa ngati si zoona kuti munthuyo ndi woipa mtima, ndinagwedeza mutu movomereza.

Masiku awiri otsatira sindinadziwe chimene ndikuchita. Ndinkasesa malo amodzi kawirikawiri, kuthirira duwa lomwe ndathirira kale. Ndikamva lole pamsewu ndinkathamangira kumpanda, osadziwa chimene ndikuyembekeza kuona.

Lachitatu Florinda anandigwira dzanja ndikusamba, nayang'ana zikhadabo zanga, zimene mankhwala aja anazisiya zamtundu wa thambo. Anati miyala ya m'ngalande ya kudimba yasanduka mtundu womwewu, waiona popita kukapepesa alamu. Sanakweze mawu. Anangoti akazi a che Assane anabwera kudzapempha moto, ndipo iye analephera kuwayang'ana kumaso.

Lachinayi m'mawa ndinapita kwa patarawu asanakwere galimoto, chipewa chili m'manja. Ndinamuuza zonse, kuti munthu wosalakwa ali m'chitokosi chifukwa cha madzi a m'tanki lake, ndipo mawu amodzi ochokera kwa iye angamutulutse. Anandiyang'ana ngati ndamuuza za mvula ya chaka chatha. Anati madzi amatsika okha, si iye anapendeketsa phiri, ndipo ngati ntchito ndikuifuna ndisunge lilime.

Nditaona galimoto yatuluka ndinasiya khasu pakapinga n'kutsika, osapempha chilolezo. Alamu ndinawapeza akuzula mapesi a nyemba zakufa. Ndinagwada n'kunena. Anandimvetsera mapesi ali m'manja. Kenako anati za mbuzi ndi kabichi akanandikhululukira tsiku lomwelo, poti ngozi siinunkha, koma chimene chawapweteka n'chakuti ndinaima pambali pawo n'kuwasiya anamizire munthu. Anamanga nsalu, nati tiyeni.

Kuboma tinapeza womasulira wina wachikuda, a Cândido, ndipo ndiwo analemba mawu anga. Anaimitsa cholembera kawiri n'kundifunsa m'chinyanja, motsitsa mawu, ngati ndikufunadi kuti nyumba ya mzungu itchulidwe papepalapo. Ndinati popanda nyumbayo nkhani yanga ilibe mutu. Anapukusa mutu, nalemba.

Che Assane anatuluka Lachisanu. Koma mbalamatodya, thabwa lomenyera m'manja lija, inali itawapeza kale, poti asipayi ankafuna kuti avomere, iwo n'kumakana. Manja awo atupa ngati maungu. Sangagwire khasu, sangagwire kapu, ndipo posamba kuti aswali akazi awo ndiwo akuwathirira madzi n'kuwapukuta.

Ndinapita kwawo madzulo ake dzuwa lisanalowe. Ndinalankhula Chiyao changa chothyokathyoka chija, kenako Chinyanja. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anati kukhululuka mwini wake ndi Mulungu, koma iwo monga munthu adzandiyankha manja akaphwa. Ndinapempha kuti pakali pano ndiziwathirira dimba ndi kuwagalauzira munda. Anangoloza ndi chibwano pamene panali khasu.

Loweruka m'mawa nditafika kuntchito ndinapeza kaderineta yanga ili pamasitepe a kukhitchini, yopanda siginecha. Dona sanatuluke. Wophika ndiye anandiuza kuti ndisadzapondenso pamenepo.

Tsono ndi mmene zilili. Ndine munthu wopanda ntchito, ndipo asipayi ayamba kale kuzungulira m'midzi kufuna anthu a kumsewu mvula isanagwe. Florinda akuti ndiwolokere ku Nyasalande monga anachitira ena. Kunena zoona, mtima wanga wanyamuka kale kangapo. M'mawa uno ndinafika mpaka pamphambano, n'kubwerera. Ndingathawe bwanji munda wa che Assane usanagalauzidwe, dimba lanu lisanachotsedwe dothi loipalo? Ndayamba dzulo kulipala pamwamba ndi kukumba ngalande ina yolambalala. Nditsala kuno mpaka pamene adzandipeze.

Ndikupempha zinthu izi, achimwene. Alamu musawakalipire, iwo ananena zimene maso awo anaona, wolakwa ndine. Muwalembere che Assane ndi dzanja lanu, poti munakulira limodzi ndipo mawu anu amawalemekeza. Muwauze kuti banja lathu likudziwa chimene lawachita. Ndipo ndikatengedwa, mutumize mawu kwa amalume kuti adzatenge Florinda ndi ana apite nawo ku Chimbonila. Amayi sindinawauze. Ndikuopa nkhope yawo kuposa asipayi.

Za ine ndi inu sindikudziwa ndipemphe bwanji. Munandisiyira banja lanu kuti ndiziliyang'anira, ndipo ndine ndalithira chiphe pakhomo. Ngati mwakwiya, kwiyani, mulembe zonse, ndidzawerenga mpaka pansi. Chokhacho musakhale chete.

Mundiperekere moni kwa a Rosário ndi anzathu onse a kuno amene muli nawo padoko. Ambuye akusungeni pansi pa katundu wolemera, akubwezereni kwathu muli amphumphu.

Poyankha, pa envulopu mulembe dzina la Florinda. Sindikudziwa ngati kalata yanu idzandipeza pakhomo.

Ndine mng'ono wanu,
Germano