Pamwamba pa Besi ya Bambo

14 Juni

Okondedwa Achemwali,

Ndi chisoni chachikulu ndikulengeza kwa inu, kwa alamu ndi kwa onse okhudzidwa kuti chofufutira changa chatisiya. Chatha Loweruka lapitali pa tebulo lodyera, chikufufuta malo amodzi omwewo kakhumi ndi kawiri. Mukapeza wobwera kuno munditumizireko ziwiri.

Nkhani yake ndi iyi. Bambo atsanzika kwaya Lamulungu, patatha zaka makumi atatu akuitsogolera. Anafuna kutsanzika ndi nyimbo yawo ija ya manotsi khumi ndi awiri, aataliatali, imene ankatidzutsa nayo tili ana. Iwo aimbe besi okha, ine ndilembe mzere wa masoprano pamwamba pake. Ku yunivesite mzere wapansi woterewu ankautcha cantus firmus, kuti tiziuopa. Susintha, sukambirana ndi munthu. Wapamwambawo amati ndi womasuka: kwera, tsika, dumpha, bola pamene mwakumana mawu agwirizane. Ufulu wa mbuzi ya pachingwe, koma ndinkaukonda, ndipo mukudziwa kuti ndinkakhoza.

Ndinalemba mzere wokongola, Achemwali, sindikudzitama. Titauyesa m'chipinda cha kwaya, pa noti yachisanu ndi chinayi panamveka ngati wina waponda mphaka. Bambo anakweza dzanja.

"Apulofesa," anatero, "zaka zinayi zija munkaphunzira zimenezi?"

Masoprano anaseka mpaka mayi wina wa mandala anakhala pansi. Ndinapita kunyumba, ndinayang'ana pepala, sindinapeze cholakwa. Tsiku lotsatira ndinatseka maso n'kumvetsera Bambo okha. Papepala analemba fa. Pakamwa pawo pakutuluka mi.

Ndinasintha mzere wanga kuti ugwirizane ndi mi. Lachinayi anaimba fa. Ndinabwezera. Loweruka anaimba mi, ndipo noti yoyandikana nayo inayambanso kuyendayenda. Ndinauza Amayi kukhitchini kuti makutu a Bambo akufunika dokotala. Anapitiriza kupukuta mbale.

"Ukawauze wekha," anati. "Ine ndimagona nawo chipinda chimodzi."

Woimba kiyibodi akudziwa, amangochepetsa mawu tikafika pamenepo. Mabesi anzawo akudziwa. Tchalitchi chonse chikudziwa, ndipo chinagwirizana mosakhala pa msonkhano kuti wolakwa akhale ine, poti ndine ndinapita kusukulu.

Kawiri ndinaima pakhomo pa chipinda cha Bambo. Kachiwiriko ndinawapeza akusita okha mkanjo wa kwaya, akung'ung'udza nyimboyo, wailesi ikukuwa pambali pawo iwo osaimva. Ndinawafunsa ngati akufuna tiyi.

Ndiye ndinachita zanzeru. Pali noti imodzi yokha imene imagwirizana ndi fa komanso mi, ndiyo do. Ndinachotsa kukwera konse, kudumpha konse, ndinaimika masoprano pa do mpaka Bambo adutse pamalo oopsawo. Tangoganizani amayi khumi ndi asanu atagwira do mmodzi ngati hutala ya galimoto yakanirira. Palibe chinagundana. Palibenso chimene chinachitika.

Lamulungu anthu anaomba m'manja, ena analira, Bambo anapukuta magalasi. Potuluka anandigwira phewa n'kunena mokweza, monga amayankhulira masiku ano, kuti, "Waona? Ukamvera zimatheka."

Chimene sindinakuuzeni pafoni n'choti ku koleji kuja ndinafunsira ntchito yophunzitsa nyimbo tinatsala awiri, ndipo mkulu wa dipatimenti anati abwera adzamve yekha zimene ndimapeka. Anakhala benchi lachitatu. Tsikulo ndinalisankha ndekha kalekale, ndisanamve mi uja, ndipo mzere woyamba uja unali m'thumba la jekete langa nthawi yonseyo. Dzulo kalata yawo yafika. Ndi yaulemu kwambiri. Akuti malamulo ndikuwadziwa bwino, koma nyimbo yanga ikuopa kusuntha, ndipo akufuna munthu woti aphunzitse ana kulimba mtima.

Ntchitoyo inali ndi nyumba yake. Ndinali nditayeza kale makatani.

Moni kwa alamu. Ana muwauze kuti amalume akadali m'chipinda chawo chakale, moyang'anana ndi bafa. Amayi akuti muimbe foni Lamulungu masana, ndipo mukamayankhula ndi Bambo muzikweza mawu koma asazindikire. Za kalata ya ku kolejiyo musawauze. Akuganiza kuti ndikudikirabe yankho, ndipo m'mawa uliwonse amandifunsa ngati labwera.

Ndine mlongo wanu,
Chitsirizira