Mpando Wakutsogolo

Lolemba, 29 Epulo

Wabweranso m'mawa uno. Osati kwa ine, ayi, kwa njinga. Mwamuna wanga Fulvio anatuluka m'nyumba muno mu Januwale ndi masutikesi awiri, koma njinga yamoto anaisiya m'galaja mwanga. Ati kwa Debora, chibwenzi chakecho, kulibe galaja, ingachite dzimbiri. Zoti nane ndingachite dzimbiri sanaziganize. Zaka makumi atatu m'banja, lero ndasanduka mlonda wa galaja.

Ndinali pawindo la kukhitchini, khofi ali m'manja. Chitseko cha galaja kweee. Kenako zii, akuvala magolovesi. Kenako inatsokomola kamodzi n'kuyamba: du, du, du, du, mosathamanga, ngati munthu wonenepa akukwera masitepe. Makapu m'kabati anayamba kugundana. Mtima wanga, chitsiru chachabechabe, unadumpha ngati galu womva mluzu wa mbuyake. Ndinadzitukwana mpaka kuntchito.

Lachitatu, 1 Meyi

Tchuthi. Tauni yonse yakwera kuphiri, ine ndili pano ndi mulu wa zosita.

Ndinatsikira kugalaja kukatenga botolo la tomato, ndipo ndinaima nthawi yaitali ndikuyang'ana njinga ija. Kukongola ndiye ndi yokongola, sindinama. Thanki yobiriwira ngati tsamba la azitona, nyale imodzi yozungulira, mitu iwiri ya injini itatulukira m'mbali ngati mayi wogwira m'chiuno amene akufuna ndewu. Anthu amayesa ndi ya nthawi ya bambo anga, pomwe ili ndi zaka zisanu ndi chimodzi zokha.

Zaka zake ndimazidziwa chifukwa inabwera tsiku limene ndinakwanitsa zaka makumi asanu. Phwando linali kumalo odyera a Mirca, mnzanga wa kusukulu. Fulvio anailowetsa mpaka pakati pa matebulo, riboni yofiira ili pa thanki. “Loredana, mphatso yako iyi!” Anthu m'manja wawawa. Ine ndinali nditapempha makina otsukira mbale. Anandithandiza kumasula riboni, iye n'kukhala kutsogolo, ine kumbuyo. Mpaka Januwale zinali choncho.

Loweruka, 4 Meyi

Lero Fulvio anakwera masitepe. Nditamva kugogoda ndinakonza tsitsi, ndilembe zoona.

“Lori, chipewa chako cha panjinga chobiriwira chija, sukuvalanso, eti?”

“Bwanji?”

“Pa 19 wansembe wathu Don Egisto adzadalitsa njinga zonse pamwamba pa phiri, monga chaka chilichonse. Cha Debora ndi chapinki. Sichikugwirizana ndi thanki.”

Ndinamufunsa ngati mutu wanganso akuufuna, atengere limodzi. Ati, “Usayambe.” Ine ndiyambe! Ndinamuuza kuti ndikachisakasaka. Chili pamwamba pa wadirobu, iyenso akudziwa.

Ndalira, koma ndi mkwiyo. Ndikufuna zimenezi zimveke.

Lamulungu, 5 Meyi

Ndawaona, Fulvio ndi Debora, ali pa njinga. Ndinali panja kwa Mirca, iwo akudutsa pabwalo la tchalitchi. Pakona ya famase njinga inapendekera kumanzere, mtsikanayo n'kuwongokera kumanja, gwa ngati mtengo wa magetsi, zikhadabo zake zazitali zija zitamira m'jekete la F. Njinga inachita kudzandira.

Mirca anaseka mpaka kutsamwa ndi fodya. “Wanyamula firiji ameneyo.”

Ine sindinaseke. Thupi langa linali litapendekera lokha pampando, kutsata kona ija. Ndinachita manyazi. Mirca anaona.

“Ukusowa ndani kwenikweni iwe? Wadazi wako uja, kapena yobiriwirayo?”

Ndakhala ndikuganiza madzulo onse. Kuliza mkonono kwake sindikukusowa. Masokosi ake sindikuwasowa. Chimene chikundipweteka ndi fungo la udzu wodula tikamakwera phiri, kutentha kwa injini m'miyendo m'mawa kukuzizira, kugogoda kwa giya yoyamba ngati wina watseka kabati mokwiya. Wanditengera Lamulungu langa lonse munthu ameneyu, n'kulipereka kwa woopa makona.

Lachiwiri, 7 Meyi

Kiyi yachiwiri ya njinga ili m'thumba la jekete langa. Ndinkasunga ine chifukwa iye amataya chilichonse.

Lachinayi, 9 Meyi

Ndakhala kutsogolo. M'galaja momwemo, chitseko chotseka theka, nditavala masilipasi. Mpando wakutsogolo ndi wofewa kuposa wakumbuyo, ha! Zaka zonsezi palibe anandiuza.

Ndinailiza. Nditapotokola moto pang'ono inadzigwedezera kumanja, ngati bulu amene akuthamangitsa ntchentche. Kugwedezeka kumeneko ndimakudziwa, koma ndinkakumvera kumsana kwa munthu. Lero ndakumva m'manja mwanga. Ndinakuwa ndekha n'kuzimitsa msanga.

Ndinamuimbira Mirca, paja naye ali ndi njinga yamoto yakuda. Laisensi ndili nayo kuyambira ndili mtsikana, nthawi imene ndinkayendetsa kanjinga ka mchimwene wanga kukapereka buledi. Koma ako kanali ngati mbuzi, iyi ndi ng'ombe.

“Wachedwa zaka zisanu ndi chimodzi,” anatero Mirca. “Lolemba, pabwalo la mpira. Uvale nsapato zenizeni.”

Lolemba, 13 Meyi

F. wapita ku Milano ndi zantchito sabata yonse. Wanditumizira uthenga: chipewa wachipeza? Palibe ngakhale moni.

Kubwalo la mpira njinga inandizimira kambirimbiri. Mirca ali pakati pa bwalo ngati wapolisi, akukuwa, “Kilachi pang'onopang'ono, si khosi la Fulvio limenelo!” Dzanja lamanzere likuwawa ndi kilachi.

Lachitatu, 15 Meyi

Ndazungulira bwalo osaponda pansi. Kenako msewu wa kumanda, kupita ndi kubwerera.

Si yaukali ayi. Siikuthamangitsa munthu. Ukaisiya pa giya yachitatu imangoyenda yokha ikung'ung'udza, ngati mayi wachikulire wopita ku Misa. Fulvio ankaikamba kwa anzake ngati chilombo chimene iye yekha ndiye angachiwete. Bodza lenileni. Ndikadadziwa!

Mirca akuti vuto langa ndi maso. Ndimayang'ana pafupi, pamene pankakhala msana wa Fulvio. “Yang'ana kumene ukufuna kupita, osati pamene pankakhala chitsiru.”

Loweruka, 18 Meyi

Wabwera kuchokera ku Milano, waimba foni. Adzatenga njinga mawa 9 koloko, chipewa ndichisiye pampando. Ndinati chabwino.

Ndikuopa phiri, ndikuopa makona aja opindika ngati ngowe, ndikuopa kuti anthu andiseka. Mayi wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi, wosiyidwa, akudzionetsa. Koma ndikaganiza madzi odalitsa akugwera pa chipewa changa, m'kati muli mutu wa Debora, mantha amachepa.

Lamulungu, 19 Meyi

Tinanyamuka dzuwa litangotuluka, Mirca patsogolo ndi yake yakuda ija. M'galaja ndinasiyamo riboni yofiira pansi, pamene pamaima njinga. Ndinali nditaisunga m'bokosi la mabatani, sindikudziwanso chifukwa chake.

Mpaka pamlatho zinayenda bwino. Kuzizira, fungo la udzu, mawondo akuwotha injini. Kutsogolo kulibe msana wa munthu, msewu wokhawokha. Sindinkadziwa kuti phirili ndi lalikulu chonchi.

Ndinagwa pakona yachiwiri kuchokera pamwamba. Ndinayang'ana khoma m'malo mwa msewu, ndinagwira buleki, basi tonse awiri pansi, khu. Liwiro linali la munthu woyenda pansi, koma thalauzi linang'ambika, bondo linasupuka, magazi mpaka m'sokosi. Amuna awiri a ku Faenza anaima n'kuidzutsa. “Mayi, muli bwino? Tiitane ambulansi?” Anthu osandidziwa n'komwe. Mutu wa injini wakumanja unakalika, mzere woyera ngati chala. Ndinakweranso, chifukwa kutsika kunali kutali kuposa kukwera.

Pamwamba njinga zinali mbwee, utsi wa soseji, mikate ya piadina ikupsa pachiwaya. Don Egisto anafika pa ine ndi ndowa yake, anayang'ana chipewa, anayang'ana bondo. “Loredana, mwana wanga, iwe ndikuthira kawiri.” Anathiradi kawiri.

Iwo anafika mwambo utatha, pa kagalimoto koyera ka Debora. Fulvio anatuluka atavala jekete lachikopa ndi magolovesi, m'galimoto! Anthu anayamba kugwirana m'nthiti. Anabwera molunjika, nkhope ili psuu.

“Wapenga? Njinga yanga!”

Mirca, pakamwa pali soseji, anati, “Yako? Tonse tinalipo paja, Fulvio. Tinawomba m'manja.” Wina kumbuyo anakuwa kuti, “Riboni yofiira!” Kuseka kunali ponseponse. Debora anangotsala m'galimoto, chipewa chapinki chili pamiyendo. Ndinamumvera chisoni pang'ono, pang'ono pokha.

Kenako Fulvio anaona pokalika paja. Mkwiyo wonse unathera pomwepo. Anagwada pansi, anavula golovesi, n'kuyamba kupasisita ndi chala mofatsa, monga sanandigwirepo ine chaka chathachi chonse. Nkhope yake inali pafupi ndi bondo langa, kutalika kwa chikhatho chimodzi. Magazi anali asanaume n'komwe. Ndinadikira. Mulungu ndi mboni, ndinadikira, ndipo akadangofunsa sindikudziwa kuti ndikadatani.

Anadzutsa mutu. M'maso muli misozi.

“Lori, ichi kuti chipezeke chatsopano ndi mwezi wathunthu.”

Ndinamanga lamba wa chipewa. Ndinamuuza kuti achotse dzanja. Sanamve, anali akusisitabe. Ndinailiza, ndinapotokola moto, inadzigwedezera kumanja n'kumugunda pachala. Analichotsa.

Potsika ndinayang'ana m'galasi kamodzi. Anali chigwadire pamiyala, golovesi ili m'manja. Kenako kunabwera kona, ndinayenera kuyang'ana kutsogolo.